Wichern ndi makandulo a pakati pa sabata

Disembala akamayandikira, inu amene mumapemphera ku Katolika, ku Anglican kapena ku Lutheran mumaiona nkhata ija ya masamba obiriwira itaikidwa chapafupi ndi guwa, makandulo anayi ali chilili pamwamba pake. Lamulungu loyamba la Adiventi amayatsa kandulo imodzi, Lamulungu linalo awiri, mpaka onse anayi atayaka, basi Khirisimasi yafika. Ine kwa zaka zambiri ndinkangoti mwambo umenewu unachokera ku Roma, mwinanso ndi wa nthawi ya atumwi. Ndinkadzinamiza. Mwambowu sunakwanitse n'komwe zaka 200, ndipo mwini wake sanali papa kapena bishopu. Anali mphunzitsi wa mpingo wa Lutheran amene ankalera ana otoledwa m'makwalala a mzinda wa Hamburg ku Germany, dzina lake Johann Hinrich Wichern.

Chimene chandigwiritsa cholembera lero n'chakuti nkhata ya a Wichern sinali ya makandulo anayi okha ayi. Inali ndi kandulo ya Lolemba, ya Lachiwiri, ya Lachitatu, mpaka ya Loweruka. Ife tinatolapo a Lamulungu okha, enawo tinawasiya panjira. Tsono kuti timvetse chimene mkuluyu ankavutikira ndi makandulo a pakati pa sabata, tiyambe taona kumene anachokera.

A Wichern anabadwa pa 21 Epulo 1808 ku Hamburg konko, mzinda wa padoko, wodzaza ndi anthu a malonda. Bambo awo anali mlembi wa zikalata za malamulo, komanso ankamasulira makalata a zinenero zina. Nthawiyo mzindawu unali m'manja mwa asilikali a Napoleon wa ku France. Pa Khirisimasi ya 1813, mkulu wa asilikaliwo, Davout, analamula kuti aliyense amene analibe chakudya chokwana miyezi ingapo atuluke mumzinda. Anthu osauka zikwizikwi anapirikitsidwa pakati pa chisanu choopsa, ndipo ambiri anafa ndi kuzizira komanso matenda. Johann n'kuti ali ndi zaka zisanu, ndipo banja la kwawo nalo linathawa mumzindamo nyengo yomweyo. Khirisimasi ya ubwana wake sinali ya mpunga ndi nkhuku ayi.

M'chaka cha 1823 bambo aja anamwalira. Mnyamatayo anali ndi zaka 15, woyamba kubadwa pa ana asanu ndi awiri, ndiye mukudziwa kale kuti mtolo unagwera ndani. Anayamba kuphunzitsa ana a eni ake kuti pakhomo papezeke chakudya, kwinaku naye akulimbana ndi mabuku ake usiku. Inu ana asukulu amene mumati holide ikafika muli pamsika ndi beseni la mandasi kusaka fizi, moyo umenewu simufunikira wina woti akulongosolereni. Mwayi wake unali wakuti anthu ena opeza bwino a mumzindamo, monga mayi Amalie Sieveking ndi a Martin Hudtwalcker amene anali m'khonsolo yolamulira mzinda, anamuona kuti ali ndi mutu ndipo anamuthandiza. Mu 1828 anapita kukaphunzira za Mulungu ku yunivesite ya Göttingen, kenaka ku Berlin.

Atabwerako sanalandire mpingo woti aziweta monga m'busa. Mu 1832 anapatsidwa ntchito yoyang'anira Sande Sukulu ku St. Georg, dera la amphawi la kunja kwa mpanda wa mzinda, pansi pa m'busa Johann Wilhelm Rautenberg. Musaganize Sande Sukulu ya masiku ano yongoimba timakolasi. Iyi inali sukulu yeniyeni ya ana amene sabata yonse ankakhala ali pa ganyu kapena kupemphetsa, moti Lamulungu ndiye linali tsiku lokhalo loti aphunzire kuwerenga, kulemba ndi Baibulo. Aphunzitsi ankayenderanso makomo a anawo. Kumeneko n'kumene a Wichern anaona zimene anthu a m'nyumba zosanja sankafuna kuzimva: banja lonse m'kachipinda kamodzi konyowa, bambo ali chiledzerere, ana akugona pansi opanda chofunda, atsikana ang'onoang'ono atayamba kale kugulitsa thupi. Zonsezi ankazilemba m'kabuku, khomo ndi khomo.

Apa mpamene anatulukira chinthu chimene ine ndikuona kuti ndicho msana wa moyo wawo wonse. Mwana ukamuphunzitsa tsiku limodzi, msewu n'kumuphunzitsa masiku asanu ndi limodzi, wopambana amadziwika kale. Zimene ankamanga Lamulungu zinkakhala zitagumuka pofika Lachiwiri. Ana amenewa ankafunika pokhala pena, pamene tsiku lililonse likanakhala ndi munthu wowayang'anira.

Pa 12 Seputembala 1833 anaitanitsa msonkhano m'holo imene amalonda akuluakulu a mumzindawo ankakumaniramo, ndipo anapempha thandizo. Eni mabizinesi anapisa m'thumba. A Karl Sieveking, mmodzi wa akuluakulu a boma la mzindawo, anapereka kanyumba kakale kofolera ndi udzu m'mudzi wa Horn, kunja kwa tauni. Kanyumbako kankatchedwa kale Rauhes Haus, moti amene amayesa kuti dzinali linadza chifukwa cha nkhanza za ana okhalamo amalakwa. Kumapeto kwa Okutobala a Wichern, ali ndi zaka 25 zokha, analowa m'kanyumbako pamodzi ndi mayi awo ndi mlongo wawo. Chaka chisanathe munali anyamata oposa 10, ena akuba odziwika kupolisi, ena oti sanagonepo pabedi chibadwire.

Masiku amenewo mwana wotere malo ake anali ndende kapena nyumba ya chilango yokhala ndi mpanda wautali. A Wichern anakana zimenezo. Mwana akafika, ankamutengera pambali n'kumuuza kuti zonse zimene anachita m'mbuyomu zakhululukidwa, kuti asamazikambenso kwa anzake, ndiponso kuti ayang'ane yekha aone kuti pamalopo palibe mpanda, palibe loko. Ena ankathawa ndithu, paja chizolowezi sichitha tsiku limodzi, koma ambiri ankabwerera. Anawo atachuluka sanawamangire chinyumba chimodzi chachikulu ngati balakisi. Anawagawa m'timabanja ta ana pafupifupi 12, banja lililonse nyumba yakeyake ndi mnyamata wachikulire mmodzi amene ankamutcha m'bale, wodya nawo, wogona nawo, wogwira nawo ntchito. Nyumba zina ankamanga ndi anawo. Ankaphunzira ukalipentala, kusoka nsapato, utelala, kuphika buledi, kulima, ndipo pambuyo pake kusindikiza mabuku. Mu 1835 anayamba kulandiranso atsikana, ndipo chaka chomwecho a Wichern anakwatira Amanda Böhme, amene anadziwana naye ku Sande Sukulu kuja. Mayi ameneyu ndiye ankagwira chuma ndi khitchini ya mudzi wonsewo, ngakhale kuti mbiri, mwa chizolowezi chake, imatchula kwambiri mwamuna.

Tsiku pa Rauhes Haus linkayamba ndi mapemphero n'kuthanso ndi mapemphero, ndipo kuimba kunali kwambiri. Tsono tafika pa gudumu lija.

Kwathu kuno Disembala ndi mwezi wa mvula, wa kubzala ndi kupalira, dzuwa limachedwa kulowa. Ku Hamburg n'zosiyana: kumazizira koopsa, kumacha mochedwa, ndipo ikamakwana 4 koloko madzulo mdima wagwa kale. M'nyengo yotereyi ana aja ankawatopetsa a Wichern ndi funso limodzimodzi m'mawa uliwonse, lofuna kudziwa kuti Khirisimasi ifika liti. Mu 1839 mkuluyu anatenga gudumu lakale la ngolo, lamatabwa, n'kukhomapo makandulo kuzungulira mkombero wonse: anayi aakulu oyera a masiku a Lamulungu, ndipo pakati pawo ang'onoang'ono ofiira, tsiku lililonse la m'kati mwa sabata kandulo yake. Chaka chimenecho Lamulungu loyamba la Adiventi linali pa 1 Disembala. Gudumulo analipachika m'chipinda chopemphereramo. Tsiku ndi tsiku ana ankasonkhana, n'kuyatsa kandulo imodzi yoonjezera pa za dzulo, n'kuimba, n'kumva mawu a aneneri olonjeza kubwera kwa Mpulumutsi. Wofuna kudziwa masiku otsala ankangowerenga makandulo osayaka. Ang'onoang'ono anaphunzirira pomwepo kuwerenga manambala. Ndipo poti kunja mdima unkangokulirakulira, m'chipindamo kuwala kunkaonjezereka tsiku lililonse, mpaka usiku wa pa 24 gudumu lonse lili ngwee.

Anthu ambiri akamasimba nkhaniyi amaisandutsa kanthabwala ka bambo wotopa ndi mafunso a ana. Ine ndimaionera pena. Taganizani kuti anawo anali otani. Mwana wokulira mumsewu mawu akuti mawa sawakhulupirira. Anauzidwa kuti bambo abwera mawa, sanabwere. Anauzidwa kuti malipiro a ganyu alandira mawa, anapita n'kupeza chitseko chotseka. Inu a m'magolosale ndi m'maokala mumachidziwa chikwangwani chija chonena kuti ngongole ndi mawa, ndipo tonse timaseka chifukwa tikudziwa kuti mawa limenelo silifika. Mwana wotere akapeza chinthu amadyeratu lero, akaona chinthu amatengeratu lero, si kuti ndi woipa mtima kuposa ife, koma moyo unamuphunzitsa kuti wodikira amagona ndi njala. Ndiye munthu ameneyu mukamuuza kuti Mulungu analonjeza ndipo adzachita, mwangomuuza mawa lina.

Gudumu lija linkayankha vuto limenelo. Lonjezo lalikulu linadulidwa m'timalonjezo ting'onoting'ono toti mwana aziona ndi maso tikukwaniritsidwa. Anamuuza kuti mawa kandulo ina iyaka, mawa linafika, inayaka. Mkuja chimodzimodzi. Pakutha pa masabata atatu mwana uja waona mawu a munthu wamkulu akusungidwa maulendo oposa 20 motsatizana, mwina koyamba m'moyo wake. Makandulo anayi a Lamulungu paokha sakanaigwira ntchito imeneyi, chifukwa pakati pa Lamulungu ndi Lamulungu pali masiku asanu ndi limodzi, omwe aja anawagonjetsa a Wichern ku St. Georg. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sanatiuze kuti kudekhako munthu amakuphunzira bwanji. A Wichern anapeza njira yake imodzi.

Ndisaoneke ngati ndikuloza anzanga chala. Chaka china nditangoiwerenga mbiri imeneyi ndinatenthedwa mtima, n'kugula mapaketi a makandulo, n'kuwandandalika pathireyi yachitsulo pabalaza, ati tizipemphera ndi ana madzulo alionse. Sabata yoyamba zinayenda bwino zedi. Sabata yachiwiri, Lachitatu, ndinafika pakhomo usiku ana atagona, poti Disembala ntchito imachuluka ndipo maminibasi amavuta. Lachinayi magetsi anazima, mayi a kunyumba n'kutenga makandulo awiri a masiku a m'tsogolo kukaunikira kukhitchini, ndipo sindikanawaletsa poti nsimayo ndinadya nawo. Pofika Loweruka thireyi ija inali itabwerera kuntchito yake yonyamulira makapu. Chimene chinandilasa n'chakuti kamwana kanga kotsiriza kanafunsa mayi ake ngati Khirisimasi yaimitsidwa, poti makandulo asiya kuyaka. Kandulo ya Lamulungu n'njosavuta, amakuyatsira ena kutchalitchi iwe utakhala pabenchi. Ya Lachitatu imafuna iwe mwini, utatopa, ndalama ya tsikulo isanakwane. Ndikudziwa kuti kwa inu a geni mwezi uno ndiwo wokolola, kaunjika ndi nsapato za ana zimayenda ngati madzi, ndipo palibe angakuuzeni kuti mutseke benchi. Ndikungonena kuti nyengo imene mpingo unaika kuti anthu adikire ndi yomweyo imene tauni yonse imathamanga, ndipo pa mpikisano umenewu ine ndinagonja Lachitatu.

Tibwerere kwa mkulu uja. Dzina lawo linamveka m'Germany monse mu 1848, chaka cha zipolowe pamene anthu m'maiko ambiri a ku Ulaya anaukira mafumu awo, chaka chomwenso Karl Marx ndi Friedrich Engels anatulutsa chikalata chawo cha chikomyunizimu. Pa 22 Seputembala atsogoleri a mipingo ya Chipulotesitanti anali pamsonkhano ku Wittenberg, m'tchalitchi momwe muli manda a Martin Luther. A Wichern anaimirira n'kulankhula kopitirira ola lathunthu popanda pepala. Mfundo yawo inali yakuti ntchito za chikondi ndi za mpingo monga momwe chikhulupiriro chilili cha mpingo, ndipo kuti pamene mipingo inali kalikiliki kutumiza amishonale kuno ku Africa ndi ku Asia, kuseri kwa matchalitchi awo omwe kunali anthu obatizidwa amene ankafa ndi njala, mowa ndi kutaya mtima. Pamsonkhanowo panabadwa bungwe la Innere Mission, kutanthauza mishoni ya m'kati mwa dziko, limene ndilo muzu wa Diakonie, bungwe lalikulu la mpingo loyendetsa zipatala ndi nyumba zosamalira anthu ku Germany.

Koma ndikanama ndikati munthuyu analibe pomugwira. Pa ndale anali wa mbali ya mafumu. Zipolowe za 1848 iwo ankaziona ngati chipatso cha kusiya Mulungu, ndipo umphawi ankauyang'ana kwambiri ngati nthenda ya mumtima ndi ya m'banja. Inde anatchulapo kuti osauka adzipangire okha mabungwe othandizana, koma nkhani ya malipiro ochepa ndi maola aatali m'mafakitale sanaimenyere nkhondo monga anamenyera ya ana amasiye. Anthu apantchito ambiri anaona kuti mpingo ukuwapatsa supu pamene iwo akufuna chilungamo, ndipo anatsata a Marx. Pamenepa ine ndimaona kuti odandaulawo anali ndi mfundo.

China chimene chimandizunguza mutu ndi nkhani ya ndende. Mfumu Friedrich Wilhelm IV ya ku Prussia inawakonda a Wichern ndipo inawapatsa ntchito yokonza ndende za dzikolo, moti mu 1857 analowa m'boma ku Berlin. Ndende za nthawiyo zinali zonyansa, wakuba nkhuku ndi wakupha munthu m'chipinda chimodzi, woyamba kumene akuphunzira kwa akatswiri. Mankhwala amene a Wichern anakhulupirira anali akuti mkaidi aliyense akhale m'chipinda cha yekha, usana ndi usiku, kuti alingalire za moyo wake n'kulapa, ndipo abale ophunzitsidwa ku Rauhes Haus akhale alonda ake. Anayesa zimenezi pandende ya Moabit ku Berlin. Tangoganizani, munthu yemwe uja anaonetsa ana kuti palibe mpanda kapena loko, tsopano akutsekera akuluakulu aliyense payekha. Cholinga chinali chabwino, koma kukhala wekha miyezi ndi miyezi kumadwalitsa mutu, ndipo aphungu ndi akatswiri a malamulo, monga Franz von Holtzendorff, anadzudzula zoti gulu la chipembedzo lizilamulira m'ndende ya boma. Mfumu ija itadwala n'kumwalira mu 1861, a Wichern anatsala opanda mthunzi, ndipo ntchitoyo sinafalikire monga ankafunira. Chimene chinakhalitsa pa zaka za ku Berlin ndi Johannesstift, mudzi wina wosamalira ovutika umene anayambitsa mu 1858.

Zaka zawo zotsiriza zinali zowawa. Matenda a sitiroko anawagwira kangapo. Mu 1873 mwana wawo Johannes anatenga utsogoleri wa Rauhes Haus, ndipo mu 1874 a Wichern anatula pansi ntchito ya boma. Munthu amene analankhulapo kopitirira ola popanda pepala anakhala zaka zisanu ndi ziwiri akufooka thupi ndi maganizo omwe, akusamalidwa pamudzi womwe uja anayambitsa. Anamwalira pa 7 Epulo 1881, kutangotsala masabata awiri kuti akwanitse zaka 73.

Nanga gudumu lija linasanduka bwanji nkhata ya makandulo anayi? Cha m'ma 1860 anayamba kulikuta ndi nthambi zobiriwira za mitengo ya paini ya kwawoko. Abale ophunzitsidwa ku Rauhes Haus ankati akatumizidwa kukagwira ntchito kwina, mwambowo ankapita nawo, ndipo unalowa m'masukulu, m'matchalitchi, kenaka m'nyumba za anthu. Koma gudumu la ngolo silikwana patebulo la m'nyumba ya lendi, ndiponso makandulo oposa 20 ndi ndalama. Anthu anachepetsa nkhatayo, ofiira aja n'kugwa, kutsala anayi. Akatolika anaulandira mochedwa: ku Cologne nkhata yotere inapachikidwa m'tchalitchi cha Katolika mu 1925, ndipo kuchokera m'zaka zimenezo inafalikira m'maiko ena mpaka kudzafika m'maparishi athu, ili kale ndi makandulo anayi.

Nyumba zambiri za Rauhes Haus zinapsa ndi mabomba mu Julayi 1943 pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, koma anazimanganso, ndipo ntchito yosamalira ana, okalamba ndi olumala ikupitirira pamalo omwewo ku Horn, amene tsopano ali m'kati mwa mzinda. Kumeneko nkhata amaikonzabe monga anaiyambira mwini wake, oyera anayi ndi ofiira a pakati pa sabata. Chiwerengero chake chimasintha chaka ndi chaka malinga ndi tsiku limene Adiventi yayambira: zaka zina makandulo onse pamodzi amakhala 22, zaka zina amafika 28.